ANA OPANDA KWAO PA MASUKULU AKURU A KU BRITAIN

Nkhani ya lero icokera kutali, ku dziko la Britain, ndipo inena za anyamata ndi atsikana amene amafika pa sukulu yaikuru yochedwa Yunivesiti alibe kwao kobwererako. Omvera ena adzazizwa pakumva kuti m'dziko lolemera cotere muli ophunzira osowa pogona, koma zimenezi ziripodi, ndipo eni dziko anatenga zaka zambiri asanazione.

Caka ca maphunziro kumeneko cimayamba ca kumapeto kwa mwezi wa September. Masiku amenewo miseu ya pafupi ndi mayunivesiti imadzaza ndi magalimoto a makolo operekeza ana ao, atanyamula mabulangete, mapoto ndi mabuku. Mwana amapatsidwa cipinda m'nyumba zogona ophunzira, ndipo pangano la cipindaco kawirikawiri limakhala la masabata ngati 40. Koma caka ciri ndi masabata 52. Amene anakonza pangano lotere sanaphonye kuwerenga ai. Iwo anadziwa kuti pa masabata otsalawo, ndiyo nyengo ya chuthi cacitali ca m'miyezi ya July ndi August, mwana ali yense amapita kwao kukadya za amace. Pa Krisimasi naponso nyumbazo zimangoti zii, anthu onse atabalalika. Makonzedwe onse a sukulu anakhazikika pa ganizo lakuti kumbuyo kwa wophunzira ali yense kuli atate kapena amai. Nanga iye amene alibe womlandira, masabata 12 aja akagona kuti?

Ophunzira otere ali a mitundu iwiri. Oyamba ndiwo amene analeredwa ndi Boma. Aciwiri ndiwo amene anakulira m'nyumba ya makolo ao, koma cibale cinaduka, kotero kuti salankhulana nao konse. Za aciwiriwa zidzamveka bwino pambuyo pace, pakuti mlandu wao ndi wobvuta mwa njira yace-yace.

M'midzi ya kuno mwana akasowa womsamala amatengedwa ndi atsibweni ace, azakhali kapena agogo. Ku Britain nakonso abale amalera ana, koma pamene palibe mbale woyenera, Khonsolo ya dera limenelo ndiyo imamtenga mwanayo ndi kukhala ngati kholo lace. Ambiri a ana amenewa si amasiye. Makolo ao ali moyo, koma a Welofeya ndi bwalo la milandu anaona kuti mwana alikuzunzidwa kapena alikutayiriridwa. M'caka ca 2023, ku England kokha, ana oposa 80,000 anali m'manja mwa makhonsolo. Pafupi-fupi awiri mwa atatu ali onse anali kukhala m'mabanja a anthu osankhidwa ndi kulipidwa kuti alere ana a eni, ndipo ena anali m'nyumba zosungira ana.

Kuleredwa kotereku kumapulumutsa moyo, koma maphunziro kawirikawiri amapweteka. Banja lolera likatopa naye mwana, kapena likasamuka, mwanayo amapita ku banja lina, mwina m'tauni ina, ndipo sukulu nayonso imasintha. Afika kwa mphunzitsi watsopano pakati pa caka, anzace atapita kale patsogolo. Asanawapeze, abwera wa Welofeya ndi galimoto kudzamtenganso. Mbeu yozulidwa-zulidwa sigwira nthaka, ngakhale ikhale mbeu yabwino. Cotero ziwerengero za Boma la England za caka ca maphunziro ca 2021 mpaka 2022 zinaonetsa kuti mwa ana 100 oleredwa ndi makhonsolo, 14 okha ndiwo analowa maphunziro apamwamba pofika zaka 19 za kubadwa, pamene mwa ana ena 100 analowa 47.

Cinanso ndi ici: mwana wa Boma amasanduka munthu wamkuru tsiku limodzi, ndilo tsiku limene akwanitsa zaka 18. Mwana wa m'banja amacoka pang'ono-pang'ono. Apita, ndarama zikamthera abwera, adya, agona, apitanso, ndipo palibe amene amamwerengera masiku. Kale ana ambiri a Boma anali kutulutsidwa ali ndi zaka 16 zokha, nakapatsidwa kacipinda kuti adzionere okha. Lamulo la m'caka ca 2000 linayesa kukonza zimenezi. Linati Khonsolo ipatse mwana ali yense wocoka m'manja mwace mlangizi wace-wace, ndi kulemba naye pamodzi njira ya moyo wace wa m'tsogolo. M'caka ca 2014 kunadza makonzedwe ochedwa Staying Put, olola mwana kukhalabe ndi banja lomlera kufikira zaka 21 ngati mbali zonse ziwiri zibvomerezana, ndipo lamulo la 2017 linatalikitsa nchito ya mlangizi uja kufikira zaka 25.

Koma za Yunivesiti anthu anacedwa kuziganizira, cifukwa ambiri, ngakhale a Welofeya amene, sanali kuyembekeza kuti mwana wa Boma angafikeko. Amene anathandiza kutsegula maso a anthu ndiye Profesa Sonia Jackson wa ku Institute of Education mu London. Iye ndi anzace awiri, Sarah Ajayi ndi Margaret Quigley, anatsata ophunzira 129 amene anakulira m'manja mwa makhonsolo nafika ku Yunivesiti, ndipo anawafunsa caka ndi caka za umoyo wao. Nchitoyo inachedwa By Degrees, ndipo lipoti lace lomariza linaturuka m'caka ca 2005. Pa nthawi imeneyo kunali kuyesedwa kuti mwana mmodzi yekha mwa ana 100 a Boma ndiye anali kufika ku Yunivesiti. Zimene ophunzirawo ananena sizinali za kulimba kwa mabuku kweni-kweni. Anadandaula za ngongole, za kusowa pokhala pa chuthi, ndi za makhonsolo opatsa mosiyana, ina mowolowa manja, ina moumira, ngakhale lamulo linali limodzi. Ndipo ambiri a iwo amene anacita bwino anachula munthu mmodzi, kawirikawiri mai kapena bambo wowalera, amene anawaumiriza kuwerenga ndi kuwauza kuti angathe.

Lipoti limenelo linabala zipatso. Bungwe la Frank Buttle Trust, limene linaitanitsa nchitoyo, linayamba m'caka ca 2006 kupereka cizindikiro ca ulemu kwa mayunivesiti osamala bwino ophunzira otere, ndipo linacita cotero kufikira 2015. M'caka ca 2008 ofesi ya UCAS, kumene makalata ambiri ofunsira malo ku mayunivesiti a ku Britain amapitira, inaika kabokosi pa fomu yace kuti mwana woleredwa ndi Boma acongepo. Kabokosiko ndi kakang'ono, koma nchito yace ndi yaikuru, pakuti sukulu singathandize munthu amene siimdziwa. Komabe ana ena amakasiya kosaconga. Anatopa ndi kulozedwa cala ubwana wao wonse, ndipo amafuna kuyamba moyo watsopano kumene palibe wodziwa mbiri yao. Munthu sangawadzudzule msanga pa cimeneci, ngakhale kuti kubisako kumawatayitsa cithandizo. Ndiponso kuyambira 2009 lamulo la ku England likakamiza Khonsolo kupatsa mwana wace wolowa Yunivesiti £2,000. Ndarama imeneyi ndi ya maphunziro onse, si ya caka ciri conse ai, ndipo m'mizinda yodula singakwanire lendi ya miyezi inai.

Tsono kubwerera ku nkhani ya nyumba, imene iri phata la zonse. Akuru-akuru a ku migodi akumbukira masiku amene nyumba ya m'komboni inali ya kampani, ndipo munthu nchito ikamthera anali kutaya nchito ndi denga tsiku limodzi. Koma iye anali ndi mudzi wobwererako. Wophunzira uyu cipinda cace cimatha pamodzi ndi mayeso, ndipo mudzi alibe. Malo amene anali kugona ku banja lomlera mwina anapatsidwa kale kwa mwana wina. Lamulo linena kuti Khonsolo impezere mwana wace pogona pa chuthi, kapena impatse ndarama zolipirira, koma malowo akhoza kukhala m'tauni yakutali ndi sukulu, kumene alibe bwenzi kapena ganyu. Cifukwa cace mayunivesiti ambiri tsopano amalonjeza ophunzira otere cipinda ca masiku 365, cosatsekedwa pa Krisimasi kapena m'cilimwe. Pa zithandizo zonse zimene zaganiziridwa, cimeneci ndico ciposa, popeza munthu amene sadziwa kumene adzagona mwezi wamawa sangaike mtima pa mayeso a sabata lino.

Bungwe la Unite Foundation, limene linakhazikitsidwa m'caka ca 2012 ndi kampani yomanga nyumba za ophunzira, linapitirira apo. Ilo limapatsa wophunzira wosankhidwa cipinda caulere kufikira zaka zitatu, caka conse cathunthu, madzi ndi magetsi zolipiridwa kale. Ofuna ndi ambiri koposa zipinda zimene ziripo, cotero si onse amene amapeza.

Palinso msampha wina umene umagwira ophunzira m'caka caciwiri. Mwambo wa kumeneko ndi wakuti atatha caka coyamba, ophunzira amacoka m'nyumba za sukulu nakacita lendi nyumba m'tauni, anai kapena asanu pamodzi. Mwini nyumba salola mnyamata wosagwira nchito kulowa popanda munthu wamkuru wosaina kuti lendi ikalephereka adzalipira ndiye. Munthu ameneyu ali ngati nkhoswe pa ukwati: nthawi zambiri sacita kanthu, koma popanda iye zinthu siziyambika. Anzace onse amatumiza pepalalo kwa atate ao, ndipo limabwera litasainidwa. Iye yekha amatsala ali nalo m'manja. Ena anali kuuzidwa kuti ngati alibe womuimira alipiriretu lendi ya miyezi yambiri nthawi imodzi. Mayunivesiti ena anaona cimeneci nabvomera kukhala nkhoswe ya ophunzira ao, ndipo kusaina kumeneko, kumene sikudya ndarama zambiri za sukulu, kwasunga ana ambiri pa maphunziro.

Dziko la Scotland, limene liri ndi Nyumba ya Malamulo yace-yace pa za maphunziro, linayenda patsogolo pa England. Lamulo lao la m'caka ca 2014 linachula makoleji ndi mayunivesiti kuti naonso ali makolo a ana oleredwa ndi Boma, pamodzi ndi makhonsolo, apolisi ndi a zipatala. Makolo akale anati mwana wa mnzako ngwako yemwe. A ku Scotland anacilemba m'buku la malamulo, nalamula kuti sukulu iri yonse ilembe poyera zimene idzacitira anawo, ndi kufotokoza pambuyo pace ngati yazicita. M'caka ca 2017, Nicola Sturgeon ali Nduna Yaikuru ya Scotland, Boma linayamba kupatsa ophunzira otere basale ya £7,625 pa caka, yosabweza, ndipo pofika 2023 inali itakwera kufika £9,000. Poyamba inali ya osapitirira zaka 26, koma malire amenewo anacotsedwa m'caka ca 2020, cifukwa kunaoneka kuti ambiri a iwo amabwerera ku sukulu atakula, moyo utayamba wakhazikika.

M'caka ca 2019 masukulu akuru 18 a ku Scotland anapangana cinthu cina cimene cinautsa makani. Anati munthu ali yense woleredwa ndi Boma amene wafika pa muyeso wocepetsetsa wolowera maphunziro amene afuna, adzapatsidwa malo ndithu, osapikisana ndi ena. Ena angati kumeneku ndi kukondera. Koma munthu aganize bwino: mtsikana amene anasintha mabanja kasanu ndi masukulu katatu, nakhozabe mayeso ace, waonetsa mphamvu imene mapepala a mayeso sailemba. Ndiponso khomo lokha ndilo linakuzidwa. Akalowa, mabuku ndi omwewo, ndi mayeso omariza ndi omwewo a onse.

Kulowa ndi kwina, kutsiriza ndi kwinanso. Dr Neil Harrison, amene pa nthawiyo anali ku University of the West of England, anatsata m'mabuku a Boma ana oposa 600,000 a ku England amene anali ndi zaka 16 m'caka ca 2008. Lipoti lace la 2017, lochedwa Moving On Up, linapeza kuti pofika zaka 23, ana ngati 12 mwa 100 oleredwa ndi Boma anali atalowa maphunziro apamwamba, pamene mwa ana onse anali oposa 40. Linapezanso kuti iwo amalekera pa njira kawirikawiri koposa anzao. Koma amene anapirira kufikira mapeto anakhoza bwino cimodzimodzi ndi ena amene analowa ndi zikalata zolingana ndi zao. Ndiko kunena kuti cowagwetsa sicinali m'mutu. Pa cifukwa cimeneci masukulu ambiri anaika munthu mmodzi wodziwika ndi dzina, amene wophunzira angampeze pa bvuto liri lonse, la ndarama, la nyumba kapena la matenda a maganizo, kuti asamayende ofesi ndi ofesi kufotokoza mbiri yace yowawa kwa kalaliki watsopano tsiku liri lonse.

Mmodzi wa anthu amene analankhula mokweza pa nkhani imeneyi ndiye mlembi wa ndakatulo Lemn Sissay. Iye anabadwa m'caka ca 1967 kwa mai wa ku Ethiopia amene anadza ku England kudzaphunzira. Analeredwa ndi banja la Azungu pafupi ndi Wigan, nachedwa Norman, dzina losakhala lace. Ali ndi zaka 12 banjalo linambweza ku Boma, ndipo anatsiriza ubwana wace m'nyumba zosungira ana. Dzina lace leni-leni analidziwa ali pafupi kucoka m'manja mwa Khonsolo. Munthu yemweyo anasankhidwa m'caka ca 2015 kukhala Chancellor, ndiye mkuru waulemu, wa University of Manchester, nakhala pa mpandowo kufikira 2022. M'caka ca 2013 iye anayambitsa mu Manchester phwando la cakudya ca pa Krisimasi la acinyamata ocoka m'manja mwa Boma, kuti tsiku limenelo asakhale okha m'cipinda, ndipo mwambowo unafalikira ku mizinda yina.

Tsopano za mtundu waciwiri uja, ana amene anadukana ndi makolo ao. Zifukwa zace ndi zambiri. Ena anathawa kumenyedwa kapena kuzunzidwa m'nyumba. Ena anakana ukwati wowakakamiza, kapena anasiya cipembedzo ca makolo. Ena anapitikitsidwa makolo atamva kuti mwana wao amakonda mwamuna mnzace kapena mkazi mnzace. Ena anasowa malo pamene atate kapena amai analowa ukwati watsopano. Ambiri anacoka ali ndi zaka 16, 17 kapena 18, a Welofeya osawadziwa, nayamba kugona pa mipando ya m'nyumba za anzao. Popeza Khonsolo siinawalere, iribe mangawa kwa iwo: alibe mlangizi, alibe £2,000 ija, ndipo palibe lamulo lowapezera pogona pa chuthi. M'mabuku a Boma iwo ali ana a makolo ao monga ena onse.

Apa ndi pamene pagona bvuto. Ku England wophunzira amakongola kwa Boma ndarama za sukulu, zimene zinali kufika £9,250 pa caka kuyambira 2017 kufikira pamene zinakwezedwa mu 2025, ndiponso amakongola ndarama za cakudya ndi lendi. Ngongole yaciwiriyi imayesedwa ndi malipiro a makolo ngati wophunzira sanakwanitse zaka 25. Makolo akakhala osauka, mwana alandira yonse. Akakhala opeza bwino, alandira yocepa, pakuti Boma liyesa kuti iwo adzaonjezapo. Ndipo makolowo ayenera kudzaza fomu yoonetsa malipiro ao. Nanga mwana amene atate ace anamuuza kuti asadzapondenso pakhomo, adzawatumizira bwanji fomu?

Njira iripo, koma ndi yaminga. Wophunzira ayenera kutsimikiza kwa a ofesi ya ngongole kuti cibale cinadukadi, ndi kuti palibe ciyembekezo ca kuyanjananso. Kawirikawiri amafuna kuti pakhale patapita miyezi 12 osalankhulana, ndipo pakhale kalata ya munthu wodalirika wodziwa nkhaniyo, monga mphunzitsi, dokotala kapena wa Welofeya. Boma liri ndi cifukwa cace pofuna umboni, pakuti popanda umboni ana a anthu olemera akadanama kuti alandire zambiri. Koma kutsimikiza kuti cinthu kulibe ndi kobvuta koposa kutsimikiza kuti ciripo. Wamasiye aonetsa cikalata ca imfa. Uyu aonetsa ciani? Mabvuto a m'nyumba amabisika, ndipo mwana amene anacita manyazi osauza mphunzitsi ali yense amapezeka alibe mboni. Lamulo lotere likhozanso kumuopsa mwana kuyankha amace akamlembera mau, poopa kuti kuyankhako kungamtayitse ndarama za lendi.

Amene anaturutsa ophunzira amenewa poyera ndi mai wina dzina lace Becca Bland, amene iye mwini anadukana ndi makolo ace. M'caka ca 2012 anayambitsa bungwe lochedwa Stand Alone. Bungwelo linakambirana ndi a ofesi ya ngongole kuti njira ya umboni ifewe, ndipo m'caka ca 2016 linayamba kupempha akuru a mayunivesiti kusaina lonjezo lakuti adzathandiza ophunzira otere pa ndarama, pa nyumba, pa umoyo wa maganizo ndi pa kulowa sukulu. Masukulu ambiri anasaina, ndipo ena anayamba kuwapatsa basale ndi cipinda ca caka conse monga amacitira ana a Boma. Kuyambira ndi ophunzira olowa m'caka ca 2023, fomu ya UCAS iri ndi funso lao naonso, zaka 15 pambuyo pa kabokosi ka anzao aja.

Bungwe la Stand Alone linatsekedwa m'caka ca 2024. Malonjezo amene linasonkhanitsa anatsala m'manja mwa masukulu amene anasaina, ndipo ku England palibe lamulo lokakamiza Yunivesiti kuwasunga. Sukulu ina imapereka basale, cipinda ndi nkhoswe. Ina, m'tauni yomweyo, imapereka dzina la munthu wokamuona basi. Cotero alangizi a ana otere amawauza kuti asanasankhe kumene akaphunzire, ayambe alembera sukuluyo ndi kufunsa ngati zipinda zace zimakhala zotsegula m'mwezi wa July, ndi ngati pali amene adzasaina pepala la mwini nyumba m'caka caciwiri.